Chilembo pa Mimba ya Amayi

MUTU 6

1. Tsiku lachisanu ndi chinayi

M'mawa umenewo Rute anapeza amayi ake, a Nankhoma, atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba atagwira mutu ndi manja awiri. Nkhope inali itatupa moti maso ankangooneka ngati timizere. Mapazi anali atafufuma, ndipo patapata anali atasiya kale kulowa.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka, mwanangu. Mutu wokhawu ndiwo ukundiwaza, komanso ndikumaona tinyenyezi tikuuluka apa." Anakupiza dzanja patsogolo pa maso. "Katenge cholembera chija. Lero ndi lachingati?"

"Lachisanu ndi chinayi."

"Masiku akupitatu."

A Nankhoma anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Ulendo womaliza kusikelo, namwino anawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, choncho apite kunyumba akatenge zovala abwere adzadikirire kuchipatala, chifukwa mwina padzafunika opaleshoni. Iwo anabwerera kunyumba, koma kuchipatalako sanapitenso. Amayi awo owabala anamwalira pochira, ndipo liwu loti mpeni sankafuna ngakhale kulimva. Bambo ake a Rute anali kutali ku esiteti ya fodya. Pakhomo wamkulu anali Rute yemweyo, mtsikana wa Fomu 2.

Sabata yomweyo mnzake wa kusukulu, Edith, anamutumizira kanema pafoni. M'kanemamo mwamuna wina wa ndevu ankafotokoza m'Chingerezi za chilembo cha Chihebri chotchedwa Memu. Ankayankhula mothamanga, ndiye Rute ankangotola apa ndi apo. Anamva za mimba. Anamva za masiku makumi anayi. Kenaka anamva liwu limene linamuimitsa mtima, mwamunayo akulibwereza katatu akuloza chilembocho. Rute analimva bwinobwino kuti "mayi."

Anathamangira kwa amayi ake. "Tamverani. Ngakhale m'chiyankhulo cha aneneri akale, chilembo ichi dzina lake ndi mayi, ngati kwathu konkuno. Ndi chilembo cha inu."

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ankalemba Memu mmodzi pamimba pa amayi ake ndi cholembera cha inki yakuda chimene bambo ake ankalembera manambala pa mabelo a fodya. Anagwirizana kuti zilembo zikakwana makumi anayi, matenda adzakhala atatha. M'kanemamo munali Memu wamitundu iwiri, wina wa kampata kunsi, wina wotsekeka mbali zonse ngati khola lopanda khomo. Rute anasankha wotsekekayo kuti choipa chisapeze polowera.

2. Mawu a azakhali

Akulemba chachisanu ndi chinayi, anamva mapazi. Sanathe kubweza nsalu msanga. Azakhali ake, a Anna, anali ataima pangodya ya nyumba ndi lichero la mtedza pamutu.

Anatsitsa licherolo pang'onopang'ono. Anayang'ana timakola takuda tomwe tinandandalika pamimbapo, nayang'ana Rute.

"Mlamu, mwasanduka belo la fodya? Tikukagulitseni ku okushoni?"

A Nankhoma anayesa kuseka koma mutu unawaletsa. "Ndi pemphero la mwanayu, mlamu. Zolembedwa za kale. Musazitenge molakwika."

A Anna anakhala pansi, natambasula miyendo.

"Rute, ndimvere bwino, chifukwa sindibwereza. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4, za zilembo sindikutsutsa. Koma ana asanu ndi awiri ndabereka, ndipo amayi oyembekezera ndawaperekeza ambiri. Kutupa mapazi kokha timati ndi mimba. Koma nkhope ikatupa, mutu n'kumawawa osaleka, maso n'kumaona zouluka, pamenepo sitikhala pansi n'kumawerenga masiku. Mkazi wa ku tsidya kuja anayamba chomwechi. M'mawa anasesa yekha pabwalo, masana anagwa n'kuyamba kuphupha ngati nkhuku yodulidwa mutu. Pamene ankamufikitsa kuchipatala n'kuti palibenso chochita. Anthu awiri tinawaika m'bokosi limodzi. Iwe ndiwe wa sukulu, amako amakumvera kuposa ine. Ukanena kuti tiyeni, anyamuka. Ukanena kuti tidikire, adikira mpaka kufa. Mawu ako ndi olemera pakhomo pano, ndiye uziona pomwe ukuwaika."

"Azakhali, chikugwira ntchito. Mwina ndangolakwitsa kalembedwe."

"Ukufuna uone chiyani kuti udziwe kuti sichikugwira?"

Rute anatseka cholembera. Amayi ake anaweramira kumbali n'kusanza. Atamaliza anagwira pansi pa nthiti zakumanja, akubuula chapansipansi.

Rute analowa m'nyumba n'kutulutsa njinga ya bambo ake.

"Ukupita kukaitana ngolo?" anafunsa a Anna.

"Ndikupita ku Nathenje. Kuli abusa opuma aja, a Efulemu. Amati anaphunzira Chihebri. Akandionetse malembedwe oyenera, ndibwera pompano."

"Rute, chipatala chili mbali iyi, iwe ukulowera mbali iyo."

Koma iye anali atakwera kale.

3. Pakhonde pa abusa

Mudzi wawo unali pa msewu wafumbi wa pakati pa Mitundu ndi Nathenje. Unali mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuulutsa mapesi ndi fumbi m'minda yokolola kale. Tcheni cha njinga chinavuka kawiri. Rute anafika kwa abusa manja ali bii ndi girizi, milomo itauma.

A Efulemu anali pakhonde akusoka chidebe chothirira ndiwo ndi waya. Anali nkhalamba yaitali, yowonda, magalasi awo omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Rute anagwada chapatali n'kupereka moni, mawu akuduka.

"Pumira kaye, mwana wanga. Wathawa agalu?"

"Ayi, abusa. Ndabwera mundiphunzitse kulemba Memu."

Abusa anaika chidebe pansi. "Zaka makumi atatu ndalalikira, palibe ngakhale mkulu wa mpingo mmodzi anandifunsapo za Memu. Lero wandifunsa mwana wa girizi m'manja. Tafotokoza."

Rute anafotokoza zonse, kuyambira pa mawu a namwino mpaka pa kusanza kwa m'mawawo. Kenaka anatsegula kanema uja n'kuwapatsa foni. Abusa anaiika kukhutu, namvetsera mpaka pamene mwamuna wa ndevu ankabwereza liwu lija.

"Mwamva, abusa? Akuti mayi."

"Bwezanso pamenepo. Umvetsere kumapeto kwake, milomo yake ikamatsekeka."

Rute anabweza, namvetsera.

"Sakuti mayi," anatero abusa mofatsa. "Akuti mayim. Ife Achewa liwu lililonse timalimaliza kukamwa kuli kotsegula, ndiye khutu lako linataya kanthu kakumapetoko. Mayim ndi madzi."

"Madzi?"

"Madzi amene. A pamjigo, a m'dambo, a mvula."

Rute anayang'ana manja ake. Kenaka anaimirira mwadzidzidzi ngati waponda moto.

"Ndiye ndine ndawatupitsa. Masiku asanu ndi anayi ndakhala ndikulemba madzi, madzi, madzi pamimba pawo, n'kutsekanso khomo kuti asatuluke. Nkhope yawo yadzaza madzi, abusa. Mapazi adzaza madzi." Anagwadanso, tsopano pafupi, n'kugwira mwendo wa mpando. "Chilipo chilembo cha moto? Chonde, ngati chilipo ndilembereni. Ndikalembe pamwamba pake, madziwo aphwe."

"Chilipo," anatero abusa. "Koma sindikulembera."

"Chonde, abusa."

"Khala pansi. Ndiyankhula mwachangu chifukwa nthawi ilibe mbali yathu."

4. Zimene Memu amatanthauza

Abusa anatola kamtengo n'kujambula pafumbi zilembo ziwiri, china cha kampata, china chotsekeka.

"Ayuda amakonda zilembo zawo monga mlimi amakondera mbewu yake. Anzeru awo akale ankakhala pansi n'kumasinkhasinkha chilembo chimodzi tsiku lonse. Memu uyu ankati ndi wa madzi, popeza liwu la madzi limayamba ndi iye n'kutheranso iye. Wa kampatayu ankamufanizira ndi kasupe wotumphuka poyera, nzeru imene aliyense angamwe. Wotsekekayu ankamufanizira ndi madzi a pansi pa nthaka, zinthu zimene Mulungu sanaulule. Ena ankati wotsekekayu ali ngati mimba yosunga mwana, wotsegukayu ngati mimba yobereka. Zilembo zawo zimaimiranso manambala, ndipo Memu ndi makumi anayi, n'chifukwa chake amakumbukira naye masiku a chigumula. Enanso ankamuwerenga pakati pa zilembo zitatu zimene ankazitcha amayi a zilembo zonse."

Rute anadzutsa mutu. "Ndiye sindinalakwe kwenikweni."

"Unalakwa, mwana wanga, ndipo usathawire pamenepo. Zonse ndanenazi ndi mafanizo. Ndi njira yoganizira za Mulungu, monga ine ndimaimirira paguwa n'kunena kuti mtima wa munthu uli ngati munda. Kodi ukamva choncho umatenga khasu kukalima pachifuwa pa munthu? Kenaka kunabwera anthu ena ku Ulaya, okonda zamatsenga. Iwo anatenga zilembo za eni ake n'kuziika pa makadi oombezera ndi pa zithumwa, Memu uyu n'kumuphatika pa chithunzi cha munthu wopachikidwa chadodolido. Lero zonsezo azisakaniza mumphika umodzi n'kuzithira m'mafoni, ndipo mwana wamantha ngati iwe amangomwa osadziwa kuti waphika ndani.

"Tsono imva ichi. Inki yako sinawachiritse amayi ako, komanso sinawathire madzi. Ilibe mphamvu yochita chabwino, ilibe mphamvu yochita choipa. Matendawo analipo usanalembe kanthu, namwino anawaona. Chimene wawalanda amayi ako si china, ndi masiku asanu ndi anayi. Ndikakupatsa chilembo cha moto, uwalanda lakhumi, ndipo sindikudziwa ngati lakhumi ndi chimodzi lilipo.

"Mphunzitsi amene anatiphunzitsa Chihebri anatiuza chinthu chimene sindinaiwale. Ayuda amasunga Sabata kuposa mmene ife timasungira Lamulungu. Ena sayatsa ngakhale moto. Koma moyo wa munthu ukakhala pangozi, lamulo lawo lomwelo limati siya Sabata, thamanga naye kwa dokotala, ndipo wochedwa chifukwa chofunsafunsa ndiye wolakwa. Eni ake a Memu akanakhala pakhomo panu m'mawa uno, bwenzi atamanga kale ng'ombe pangolo."

Rute ankalira mosatulutsa mawu. "Akakana bwanji? Amaopa mpeni. Ndine ndinawauza kuti pali njira ina."

"Ndiye ndiwe yemwe ukawauze kuti palibe. Pakamwa pomwe panatuluka mawu oyambawo. Ine ndikadakuperekeza, koma mawondo awa safika ngakhale kumsika. Ndikhala pano ndikupemphera, iwe ukhale ukupalasa. Imwa madzi awa, unyamuke."

5. Ngolo ya a Maliro

Pobwerera mphepo inali kumaso. Pa mphambano yolowera kwawo Rute anatsika. Anatulutsa foni. Pansi pa kanema uja panali akanema ena a mwamuna yemweyo, ndipo pa umodzi panali chilembo cha mano atatu oloza kumwamba, chozunguliridwa ndi malawi a moto. Chala chake chinaima pamwamba pake kanthawi.

Anazimitsa foniyo, naiika m'thumba. M'malo molowera kwawo anakhotera kumanzere, kwa a Maliro, bambo amene anali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri.

Dzuwa linali litapendeka pang'ono pamene ngolo inaima pabwalo. A Anna anali atagoneka mlamu wawo pamthunzi wa mtengo wa mango, nsalu yonyowa ili pamphumi, ndipo chikwama cha zovala anali atamanga kale osauzidwa ndi munthu.

A Nankhoma anatsegula maso movutikira. "Akuonetsa malembedwe ake?"

Rute anagwada pambali pawo. A Anna ndi a Maliro anali chiimire, akumva.

"Amayi, ndinakunamizani. Sindinafune, koma ndinakunamizani. Liwu lija silinena mayi, limanena madzi. Ndinamva molakwika. Chilembo chija sichichiritsa munthu, ngakhale ndikanalemba bwino chotani. Tiyeni kuchipatala."

"Unanena wekha kuti makumi anayi. Kwatsala pang'ono."

"Kwatsala masiku makumi atatu ndi limodzi, amayi. Simufika."

A Nankhoma anatembenuzira nkhope kumbali. "Ndiye ndikwere ngolo ya a Maliro ndili moyo? Mwatopa nane?"

A Maliro anavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Dzinali anandipatsa agogo osandifunsa, mayi. Koma ngoloyi yanyamula amayi oyembekezera khumi ndi awiri, onse anabwerera ndi ana kumsana. Wina mpaka anafuna kumutcha mwana dzina langa, ine ndinamuletsa."

A Anna anaseka pang'ono, koma a Nankhoma anakoka nsalu n'kuphimba mimba ndi manja onse.

"Nanga izi? Poopa kuti mundinyamula, ndakhala ndikupukuta ndi sopo chichokereni iwe, sizikuchoka. Anamwino akaona adzati chiyani? Mawa mudzi wonse udzamva kuti Nankhoma analowa za satana, anagulitsa mwana ali m'mimba. Ku Mvano ndidzakhalanso pati? Bambo ako akamva? Bola tidikire zifufutike."

"Inki ya mabelo imatha masabata awiri, amayi."

"Ndiye tidikire masabata awiriwo."

Rute anawagwira dzanja. Zala zinali zotupa, zolimba ngati chinangwa.

"Akafunsa ndidzayankha ndine. Ndidzanena kuti inu munangogona, wolemba ndine. Kutchalitchi ndikanena, kwa bambo ndikanena. Anthu akafuna woti azimuloza, aloze ine. Koma inu mukwere."

A Nankhoma anasiya kuphimba mimba. Kenaka anatambasula dzanja lina kwa a Anna.

"Mlamu, ndidzutseni."

Anayala matiresi m'ngolo. A Anna anakhala kumutu, Rute kumiyendo, a Maliro n'kukwapula ng'ombe. Msewu unali wa mabampu, ndipo bampu lililonse a Nankhoma ankaluma nsalu. Anadutsa minda ya fodya yongotsala ziputu, anadutsa anthu a njinga za makala ochokera ku Dzalanyama. Atangoona madenga a malata a pa Mitundu, mwendo umene Rute anaugwira unauma gwaa. Thupi lonse linayamba kugwedezeka, maso atatembenuka, thovu likutuluka pakamwa.

"Agoneke chammbali," anatero a Anna, mawu ali phee. "Usawagwire mwamphamvu. A Maliro, ng'ombezo zithamange, zikafere konko."

6. Funso la namwino

Pachipatala anawalandira ndi machira. Kugwedezeka kunali kutaleka, koma a Nankhoma anali asanatsitsimuke. Namwino wina anawabaya jakisoni, wina anawamanga chopimira magazi pamkono. Ataona manambala, anayang'ana mnzake, ndipo mnzakeyo anatuluka akuimba foni yoitanitsa ambulansi.

Namwino wotsalayo, mayi wachikulire wa imvi m'mbali, anakweza nsalu kuti amvetsere mtima wa mwana. Dzanja lake linaima. Timakola takuda tisanu ndi tinayi tinali pamenepo, m'mizere iwiri.

"Izi n'chiyani? Anapita kwa sing'anga? Anawamwetsa chiyani? Ndiuzeni zoona, chifukwa mankhwala amene ndipereke adalira yankho lanu."

A Anna anatsegula pakamwa, koma Rute anayamba ndiye.

"Sanamwe kanthu. Ndi inki chabe. Ndinalemba ndine. Munawauza kuti abwere sabata yatha, ine ndinawauza kuti adikire."

M'chipindamo munali amayi ena awiri pa mabedi, ndipo onse anatembenuka kumuyang'ana. Rute sanaweramitse mutu.

Namwino anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Za iwe tikamba bwino tsiku lina, ndipo tidzakambadi. Pano wandithandiza ponena zoona. Khala chete ndimve."

Anaika chomvetsera pakati pa zilembozo n'kutsamiritsa khutu. Anasuntha, namvetseranso. Anasunthanso kachitatu. Rute ankamva mtima wake womwe ukugunda m'makutu.

"Ulipo," anatero namwino pomaliza. "Ukugunda, koma mofooka. Kuno sitingathe, akuyenera kupita ku chipatala chachikulu m'tauni. Ambulansi ikafika akwere woperekeza mmodzi yekha."

Nthawi yomweyo a Nankhoma anabuula n'kugwedeza mutu. Anatsegula maso, nayamba kupapasa m'mbali mwa bedi.

"Rute?"

"Ndili pano, amayi. Tafika. Mwana ali moyo."

Dzanja lawo linapeza nkhope ya Rute n'kuyenda nayo pamphumi, pamphuno, pachibwano. Dzuwa la masana linkalowa pazenera n'kugwera pamaso pawo penipeni, koma iwo sanaphethire.

"Tayenda mpaka kwada chonchi?" anafunsa. "Tawauza anamwinowo ayatse magetsi, mwanangu. Sindikukuona."